Mpando wa a Gondwana

Mumsewu mwathu munali mphunzitsi wina wopuma ntchito, tinkangowatcha a Gondwana. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma dzinalo ndinalimva: akuti kalekale maiko ambiri anali chibuluma chimodzi chotchedwa Gondwana, kenako chinang'ambika ngati thalauza la munthu wonenepa, nyanja n'kulowa pakati.

Nkhaniyi ankaifotokozera aliyense, ngakhale wogulitsa makala. Kabati ya mbale anaidzaza miyala. Tsiku lina mkazi wawo anataya mwala wina pokolopa, iwo n'kuwakalipira pamaso pa alendo kuti, "Mbuli iwe, mwalawo ndi wamkulu kuposa mtundu wako wonse!" Mayiwo anangonyamuka. Anasenza makina awo osokera, n'kuwoloka msewu kukakhala kwa mlongo wawo wowotcherera zitsulo. Makomo openyana, abale!

"Bwanji osangokapepesa?" ndinawafunsa a Gondwana.

"Maiko amabwererana, mayi. Zachitikapo kale. Kungoti amayenda mmene chimakulira chikhadabo."

"Ndiye inu ndinu dziko? Dziko lovala sokosi zobooka?"

Sanaseke. Kunyada ndi manyazi zinawamanga miyendo. M'malo mwake ankatulutsa mpando m'mawa uliwonse, n'kuuika patsogolo pang'ono pa pomwe unali dzulo. Unachoka pakhonde, unatsika masitepe, unadutsa pampope. Ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. "Dziko lasuntha lero!" Imvi zinawamera mpando usanafike ndi pangalande pomwe.

Kutsidyako makina ankangolira pawindo. Kenako panayamba kumveka chifuwa. Ndinawauza a Gondwana kuti, "Akulu, chifuwa chimenecho sichiyenda ngati chikhadabo." Tsiku limenelo anasunthadi kwambiri, mwina phazi lathunthu.

Makina atakhala chete, wowotcherera uja anawoloka, magalasi ake akuda ali pamphumi.

"Alamu, mlongo wanga watisiya."

A Gondwana anagwira mpando mwamphamvu. "Ndimabwera, alamu. Munandiona kuti ndimabwera."

"Nayenso ankakuonani. Makinawo anawaika pawindo dala. Ankati, 'Akangogogoda ndiwathirira tiyi, zopepesazo tidzaziona.' Kapu yanu ankaitsuka tsiku lililonse, yosamwera munthu."

Mkulu uja anadzambatuka, nathamanga kudula msewu osayang'ana n'komwe galimoto, nsapato imodzi n'kutsalira m'ngalande. Pakhomo paja panali potsegula, koma anaima, nayamba kugogoda. Anagogodabe, anthu akumudutsa kulowa ndi kutuluka.