Njiwa zanga zathyola dzino la amalume

Lamlungu lapitali ndathyola dzino la munthu wamkulu osamukhudza ndi chala chomwe. Munthuyo ndi bambo Nkhoma a ku Wigston, kuno ku Leicester, amalume ake a Tadala, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Makolo a Tadala ali ku Malawi, ndiye woyenera kuwaimbira foni n'kuwauza kuti mnyamatayu ndamuona, ndi wabwinobwino, konzani chinkhoswe, ndi bambo Nkhomawo. Foniyo mpaka lero sanaimbe.

Ndikufotokozereni, mwina nanunso mupsa mtima.

Ku weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu, kumene ndimagwira ntchito ku Corby kuli mdala wina wachizungu, Alec, woyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu. Ali ndi mfuti yoombera mbalame, ya mapepala ake onse, ndipo mlimi wina chakomweko amamuitana kuti azikamuphera njiwa zimene zimamuthera mbewu. Njiwa za kuno mukuzidziwa, zonenepa ngati misoti. Tsiku lina pa buleki ndinamuuza kuti ine ku Kasungu ndi legeni sindinkaphonya. Anaseka, n'kunena kuti Loweruka tipitire limodzi, poti lamulo limalola kubwereka mfuti bola mwini wake ali pambali pako.

Ndinati mwayi ndi umenewu. Amalume akubwera Lamlungu kudzadya kwathu ku Braunstone. Nkhuku ya mu shopu aliyense amagula. Koma ndiwo yoti mkamwini wachita kupha yekha?

Sabata yonse m'basi ya shifiti ndinali pa foni kuonera mavidiyo, ndipo foniyo inandibweretsera anthu a ku America oomba nkhukundembo zakutchire. Azibambo a ndevu, zovala za masambamasamba, olankhula ngati mfuti anabadwa nayo. Onse nyimbo yawo imodzi: tchoki yothina kwambiri, katiriji yolemera.

Kwa inu amene simukudziwa, monga inenso sindinkadziwa masiku khumi apitawo, mfuti imeneyi situlutsa chipolopolo chimodzi ayi. M'katiriji imodzi mumakhala tinjere ta mtovu tambirimbiri ngati mapira. Tchoki ndi kachitsulo kamene amamangirira kukamwa kwa mfuti. Ikakhala yotakasuka, tinjere timamwazika ngati ukufesa. Ikakhala yothina, timapita pamodzi ngati chibakera.

Titafika kumunda, Alec anatsegula kabokosi ka matchoki n'kutola yotakasuka. Ine ndinati ayi, ndipatseni yothinayo, ndi makatiriji olemera amene ndaona m'chikwama chanumo. Anafunsa kuti zimenezi ndazitenga kuti. Nditamuonetsa vidiyo, anandifotokozera mofatsa. Nkhukundembo imayenda pansi, imaima n'kutukula khosi, ndipo amaiomba m'mutu mokha kuti nyama isaonongeke. Njiwa imabwera ikuuluka, pafupi. Ndi yothina uphonya zambiri, ndipo imene uipeze uidzaza mtovu.

Mukudziwa chimene ndinamva ine? Ndinamva kuti mzunguyu akundiona ngati mbuli chifukwa sukulu ndinalekezera fomu 2. Sananene zimenezo. Mwina sakudziwa n'komwe kuti fomu 2 n'chiyani. Koma magazi anali atakwera kale. Ndinamuuza kuti ngati sakufuna angonena, ndikwere basi ndizipita. Kumundako kulibe basi iliyonse, koma ndinanenabe.

Anangoti phewa ndi lako, n'kumangirira yothinayo.

Phewalo n'lotupadi mpaka pano, poti ndi katiriji yolemera mfuti imakumenya paphewa ukaomba. Ndinaomba, ndinaomba, njiwa zikungondidutsa pamutu osatekeseka n'komwe. Alec ndi yotakasuka yakeyo ankangogwetsa. Pomaliza ndinapha zitatu, zoti zinachita kundibwerera pamphuno. Iye anati nditenge zake zisanu, zangazo tisiyire nkhandwe. Ndinakana. Ndikadyetse amalume njiwa za munthu wina? Ndiye anandichenjeza kuti ndikazifufuze bwino ndi mpeni, ndipo ndikauze alendo kuti azitafuna mosamala. Ndinati ndamva. Tinjere timene ndinationa ndinachotsa, koma zouza alendo ndinazisiya. Ungayambe bwanji kuuza amalume kuti mu ndiwomo muli mtovu?

Tsono nkhani ili apa. Mzungu akamadya mbalame yoombedwa amadula ndi mpeni kachidutswa kakang'ono, kusuzumira, n'kuika kanjere pambali pa mbale. Mafupa amasiya. Ife fupa la mbalame sititaya. Kusiya fupa n'kunyoza wophika.

Bambo Nkhoma anasamba m'manja, anapemphera, analawa msuzi, n'kunena kuti chibwerereni kuno sanadyepo ndiwo ya fungo la kumudzi chonchi. Tadala anandiponda phazi pansi pa tebulo, kusangalala. Kenako amalume anatenga chifuwa cha njiwa ndi mafupa ake omwe, n'kuluma ndi mphamvu zonse za munthu amene wakhutira ndi mkamwini.

Phokoso lake ndinalimva ndili mbali ina ya tebulo.

Sanakuwe. Analavulira m'dzanja n'kuyang'ana: kanjere ka mtovu, ndi theka la dzino lotafunira. Anakulunga mu tishu n'kuika m'thumba la jekete. Mpunga wotsalawo sanaukhudzenso.

Tsiku lisanathe nkhani inali itafika pa gulu lathu la pa foni la a Malawi a kuno. Muone akatswiri kutuluka m'maenje. Wina, wosamalira okalamba, woti sanagwirepo ngakhale legeni, akuti ndikanagwiritsa ntchito tinjere tachitsulo. Alec nditamufunsa anati tachitsuloto tikanathyola mano awiri. Wina akuti ndikanaziviika mu viniga kuti mtovu usungunuke. Wina watumiza vidiyo yoti ndiphunzirepo. Ya ku America yomweyonso.

Matenda athu ndi amenewa, ndipo ine ndiye wodwalitsitsa. Kumudzi ukafuna kutchera msampha umapita kwa amene amatchera, n'kukhala pansi. Kuno tikuchita manyazi. Tikuopa kuti tikafunsa mzungu wa kuntchito, kapena m'bale amene anabwera kale, aona ngati ndife otsalira. Ndiye timafunsa foni, poti foni siseka munthu. Boyila yotenthetsa m'nyumba yazima, foni. Galimoto ikulira kunsi, foni. Kalata ya viza yabwera ndi chizungu chokhotakhota, foni, n'kumamvera munthu wa dziko lina, wa malamulo ena, woti Leicester sangailoze n'komwe pa mapu. Iyeyo zikavuta amangozimitsa kamera. Iwe ndi amene umatsala ndi galimoto pa njerwa.

Ndipo munthu akatiuza zoona pamaso, timayamba kufufuza chipongwe m'mawu ake. Wandiyang'ana bwanji? Akundiyesa ndani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga ine amene ndinauzidwa osafunsa n'komwe, kawiri konse, n'kukanabe, ndidye chiyani?

Lachitatu ndinapita ku Wigston kukapepesa. Ndinawapeza ali ndi Tadala, akulankhulira mbali imodzi ya kamwa. Tadala, poti ndi nesi, anali ataimba kale m'malo angapo a mano, ndipo konse anamuuza kuti adikire. Ndinayamba kufotokoza za tchoki, za nkhukundembo, za anthu a ndevu onamiza anzawo. Anandidula.

"Mwini mfutiyo anakuuzani chiyani?"

Ndinanena zonse, ndi za njiwa zisanu zomwe.

"Ndiye munthu mfuti ndi yake, munda akuudziwa, mwaima naye pamodzi, simunamumvere. Mwana wathuyu akadzakuuzani kuti apa mwalakwa, mudzamumvera, kapena mudzayamba mwaona kaye pa foni?"

Yankho linali litafika kale pakhosi, lotentha. Tadala anandiyang'ana. Ndinameza.

Za ku Malawi anati sangalankhule ndi alamu awo nkhani yaikulu chonchi m'kamwa mukupweteka. Adzaimba dzino likakonzedwa. Wowaperekeza kwa dokotala wa mano ndine, ulendo uliwonse, kuti tizikambirana m'njira. Tsiku loyamba limene apatsidwa ndi kumapeto kwa mwezi wa mawa, ndipo akuti mwina padzafunika maulendo atatu.

Tsono inu a pa gulu, amene m'mawa uno mwanditumizira vidiyo ya mmene munthu angamatire dzino yekha pakhomo, ndani mwa inu aimbe foni kwa makolo a Tadala kuwafotokozera chimene chachedwetsa chinkhoswe?