Mankhwala a mphukira pamsongolo panga

Chipsera cha pamsongolo ndinakhala nacho kuyambira unyamata, pamene ndinapsa ndi chitsulo cha moto m'balani ya fodya pafamu ina kufupi ndi Chinhoyi. Sichinandivutitsepo mpaka zaka ziwiri zapitazo. Mvula itangoyamba chinang'ambika pakati, ndipo m'malo mopola chinayamba kutulutsa mnofu wotumbululuka umene unkakula sabata ndi sabata.

Azungu eni mafamu atachoka, ife a m'komboni timadya za maricho, ganyu wa m'minda ya eni atsopano. Wopanda mwendo salembedwa. Choncho ndinkangomanga nsanza n'kupita kumunda.

Pofika Januwale fungo linali losaneneka. Mafinya ankadutsa nsanza n'kuyenderera m'jombo, ntchentche zili ng'waa pambuyo panga. Kutchalitchi anthu ankasuntha pabenchi mwaulemu. Mkazi wanga ankachapa nsanzazo atatembenuza nkhope, ndipo sindinkamuda, chifukwa inenso ndinkadzinyansa.

Nthawiyo tinkathira mankhwala pa fodya wodulidwa mitu kuti asatulutse mphukira. Mlamu wanga, amene sasowa nzeru pa chilichonse, anabweretsa otsala m'kabotolo.

"Tsano, chomera ndi chomera," anatero, kunditchula mlamu m'chinenero cha kuno. "Fodya amamva, kuli bwanji kanyama aka?"

Ndinavomera, tinathira pachilondapo. Womira ndi madzi amagwira ndi udzu womwe. Khungu labwino la m'mbali linapsa n'kusupuka, koma mnofu uja unapitiriza kukula. Tsiku limene ndinamasula nsanza n'kupeza mphutsi zikuyenda ndinasanza, kenako ndinauza mkazi wanga kuti tikakwere kombi, minibasi ya kuno, tipite kuchipatala.

Kuchipatala cha ku Chinhoyi namwino anatsuka chilonda osakwinya nkhope. Anangoti, "Sekuru, manonoka," ndipo ndinkadziwa ndekha kuti ndachedwadi. Anadula kachidutswa kokayeza n'kunditumiza ku Harare. Zotsatira tinazidikira mpaka fodya atayamba kuthyoledwa.

Dokotala anati ndi khansa ya pakhungu, imene nthawi zina imabuka pa chipsera chakale. Anafotokoza kuti thupi limapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Munthu akavulala, thupi limatulutsa timadzi touza maselo kuti agawikane ndi kuchuluka, ndipo bala likatsekeka pamabwera uthenga wina wowaletsa. "Anuwa anagontha, woletsawo sakuumva," anatero. "Mankhwala a fodya aja sangawauze kanthu."

Nthendayo inali italowa m'fupa. Mwendo anaudula pansi pa bondo. M'wodi ankatidzutsa m'mawa kutiyeza ndi kusintha mabandeji, masana n'kutiphunzitsa kuyenda ndi ndodo.

Lero ndili bwino. Ndimapita kukapimidwa monga anandiuzira, ndipo sanapezenso kanthu. Maricho a m'munda anatha, ndimangosankha fodya nditakhala pansi, ganyu wakeyo akapezeka. Abale anga, chilonda chikakana kupola kapena chikayamba kukula, musayese nzeru za m'komboni, thamangirani kuchipatala. Dokotala anandiuza kuti ndikanafika chisanafike pafupa, akanangochotsa mnofuwo, ine n'kubwerera kwathu ndi miyendo yonse iwiri.