Mmene Ndinasandukira Bububu Nthawi Yosankha Fodya

Amayi anzanga, mukundidziwa ine Nabanda. Ndikaseka kuno ku Lisasadzi amandimva ali kumsewu. Ndiye tamverani.

Chaka chatha, nthawi yosankha fodya, ndinali m'chigafa ndi mpongozi wanga. Mutu unkandiwawa kuyambira dzulo lake, ine n'kumati ndi fungo la fodya. Ndimati ndinene kuti, "Tandipatsirani masamba awo." Pakamwa panangotuluka "bu... bu..." Dzanja lamanja lende! Malovu chuchuchu.

Mpongozi akuti, "Amayi, nthabwala zanuzo!" Atandiyang'ana bwino, anakuwa.

Mwana wanga Yohane anapeza galimoto, ulendo kuchipatala cha ku boma. Adokotala anati, "Ndi sitiroko. BP inakwera, yavulaza mtsempha m'mutu. Mwachita bwino kufulumira."

Koma thupi la munthu, abale! Mawu onse analimo m'mutumu, ndikuwaona chonchi, koma khomo lotulukira palibe. Makutu ali bwinobwino. Odzazonda ankalankhulira pamutu panga ngati ndine gonthinso.

"Kalanga ine, Nabanda wasanduka bububu."

Wina chapansipansi, "Nanga fodya wa Yohane kukongola chotere chaka chino? Wakhwimira mayi ake. Wawatenga lilime."

Mwana wanga ali pakhomo pa wodi, beseni la zovala zanga m'manja, akumva. Mumtima ndikukuwa kuti bodza! Pakamwa "bu... bu..." Kumudzi anthu anasiya kumupatsa moni. Aganyu anathawa m'chigafa. Womuyeretsa ndinali ine ndekha, ine wake bububu.

Masiku ankangopita. M'mawa anamwino kuyeza BP, mapilitsi, kenako mayi wa mafizo, wophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, kundipinda dzanja. "Agogo, nenani kuti madzi." Ine duu.

Lachinayi lina munabwera inu a Mvano. Mai Phiri awo anayambitsa nyimbo ija timayimba potuluka m'tchalitchi. Ndinangomva mawu ena akupolokoza, okhuthala, odziwika. Ndikuti ndani ameneyu? Ndine! Mawu athunthu, vesi yonse!

Nyimbo itatha ndinayesa kulankhula. "Bu... bu..."

Anamwino anati, "Zimachitika, agogo. Nyimbo ili ndi njira yakeyake m'mutu. Chimene mukufuna kunena, chiyimbeni."

Ndinakodola Yohane. Ndinamugwira ndi dzanja lamoyoli, n'kutenga chuni chomwecho: "Yo-ha-ne sa-na-ndi-lo-dze, ndi B-P!" Katatu konse, wodi yonse imve. Mwana wangayo, bambo wandevu, anangokhala pansi pasimenti n'kulira. Amene ananong'ona aja analipo. Dzina sinditchula, anakolola chimanga limodzi ndi Yohane chaka chino.

Lero ndikulankhula, ngakhale mawu ena amabisala, ndimachita kuwasaka ndi nyimbo. Dzanjali khasu silinayambe kugwira. Mapilitsi ndimamwa tsiku lililonse, mwezi ukatha ndimakayezetsa.

Ndiye mutu ukamakuwawani, kayezetseni BP. Munthu akapotoka kamwa, mawu n'kusowa, musayambe kufunsa kuti walodza ndani. Funsani kuti galimoto ili kuti.