Zala za a Gwedeza

A Gwedeza, makaniko wa kuseri kwa msika, sadziwana ndi mpando. Tiyi amamwa choimirira, ndipo mukawachezera amakuyankhani akuzungulira galimoto. Dzinali analipata pantchito: ukawapatsa pampu ya oyilo, amatsina shafiti yake, kachitsulo kozungulira kam'kati, ndi zala ziwiri n'kuigwedeza, maso ali kudenga. Shafitiyo imafuna kampata kochepetsetsa, kongokwana oyilo. Ikadyeka n'kuyamba kusewera, oyilo amafooka, injini n'kukagogoda pakati pa ulendo. Zala zawo sizinkanama, ndipo ankazinyadira, abale inu, ngati anachita kugula.

Koma chaka chino zalazo zachita dzanzi, ndipo mkuluyu sanauze munthu.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, namwino, anabwera ndi kagalimoto kake.

"Bambo, kanyali ka oyilo kakumaphethira. Mawa ndikupita kutali kuja anditumiza, ndili ndi khanda. Mundionereko."

A Gwedeza anamasula pampu, n'kutsina shafiti ija. Zii! Zinali ngati akuigwira mkati mwa bulangete. Anapukuta manja, n'kuyesanso. Anatuluka, analowa, anasuntha jeke yemwe sanawalakwire. Anatenga geji yoyezera mpata, koma nayonso imafuna chala chakumva kuti yathina kapena yalowa mopepuka. Mantha anawagwira. Akanena kuti ili bwino, mdzukulu wawo akhoza kukaswera padzuwa kutchire, injini itafa. Akakafunsa makaniko mnzawo, pofika madzulo msika wonse udziwa kuti a Gwedeza atha ntchito.

Akazi awo anafika ndi tiyi n'kuima pakhomo, poti chikwatiranire lamulo linali lakuti galaja si khitchini.

"Mayi a mwana, talowani," anatero a Gwedeza. "Tsinani apa, mugwedeze. Mukumva chiyani?"

Mayiwo anaika kapu pansi, n'kugwira.

"Ikugwedera ngati dzino la mwana loti lizuka mawa."

"Mwatsimikiza?"

"Mpaka ikuchita kuti khwe khwe."

"Basi yatha, tiika ina. Asanyamuke nayo iyi."

Anayamba kufunafuna sipanala yomwe inali m'thumba mwawo momwe, kuthawa maso a akazi awo.

"Pali china choti ndikuuzeni," anatero atapereka msana.

"Cha zalazo? Inu bambo, mabatani a malaya ndakhala ndikukumangirani kuyambira nthawi yozizira ija. Mumayesa n'chikondi chokha?"