Munandiletsa Kuumitsa Chilonda

Anti Nambewe, lero chatha chaka chimwalirireni inu. Ndikukumbukira tsiku lija kunyumba ya okalamba ku Ilford, nditangofika kumene kuchokera ku Malawi. Ndinasiya chilonda cha gogo wina chosamanga kuti chiume ndi mphepo, monga tinkachitira kwathu tikapaka jivi. Munandikokera pambali n'kunena kuti, "Mwanawe, chilonda chouma sichipola msanga. Chitsuke, uchimange, chizikhala chonyowa pang'ono." Ine mtima unapsa. "Anti, nanenso ndine nesi!" Kuyambira pamenepo ndinkakuzembani, ngakhale m'basi.

Chilonda chija chitamangidwa monga munanenera chinapoladi, koma zopepesa ndinkangoti mawa. Lero ndadzimva ndikuuza nesi watsopano mawu anu omwe aja. Iye wandithokoza pompo, Anti. Ine inuyo sindinakuthokozenipo.