Masaya a Goliati wa Kabaza

Amene anamupatsa dzina loti Goliati anali ndi nthabwala, chifukwa munthuyo ndi wamfupi ndiponso woonda. Koma pa siteji ya kabaza pa Ntcheu Boma palibe ankamuposa pokwera zitunda. Ankapalasa akuimba, poti anali atangokwatira Eliness wa ku Biriwiri, ndipo mayina a ana anali atasankhiratu.

Chaka chimenecho mwana wa mlongo wake anatupa masaya, kumeza movutikira, thupi lili juu. Anali matsagwidi. Mayi wake anamumangirira zitsononkho m'khosi monga ankachitira makolo awo, nkunena kuti zatha. Zoti mwanayo agone payekha, akhale ndi kapu yakeyake, atseke pakamwa potsokomola, palibe anaziganiza. Goliati anamwa naye thobwa m'chipanda chimodzi.

Patapita masabata naye anatupa. Anzake pa siteji anafa nalo phwete.

"Achimwene, ndevu zonsezi mukudwala za ana? Tikufunireni zitsononkho?"

Manyazi anamupweteka kuposa masayawo. Anakulunga mpango kumaso nkumapalasabe, kuchipatala osapitako ngakhale ankatulako anthu tsiku ndi tsiku. Kenaka kutupa kunatsikira kumalo obisika, mbali zonse ziwiri, moti pachishalo panakanika kukhala. Anagona osauza munthu chomwe chikuwawa.

Anachira, koma zaka zinadutsa m'nyumba muli zii. Abale ake, monga mwa masiku onse, analoza chala mkazi. Eliness anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, nkumalirira kudimba. Zinali zomvetsa chisoni, poti mtsikanayo sanalakwe kanthu.

Pomaliza Goliati anakayezetsa yekha. Adokotala anamuuza kuti amuna ambiri odwala matsagwidi atakula amachira nkubereka bwinobwino, koma pali ochepa amene mbewu imawonongeka. Iye anali mwa ochepawo.

Anaitana ankhoswe, nayankhula maso ali pansi.

"Musamunenenso mwana wa eni. Vuto ndi ine. Ngati akufuna kupita, apite, ndisamutsekereze."

Eliness anakana, nakhalabe dzinja lina. Koma mtima wofuna mwana sunyengerereka. Anapita akulira, kenaka anakwatiwa ku Lizulu.

Goliati akadapalasabe. Akaona mwana wotupa masaya akupita kusukulu amaima, nkumubweza kwa amake, ndipo ena amamutukwana kuti za eni zikumukhudza chiyani.

Mmawa wina mayi wobereka khanda anatsika minibasi, akufuna kabaza wopita kuchipatala. Pa siteji panali Goliati yekha. Anayang'anana.

"Muli bwanji, a Goliati?"

"Ndilipo. Kwerani, mwanayo angapse ndi dzuwa."

Eliness anasunthira khandalo kutsogolo, nakhala pa kaliyala. Njira yonse timapazi ta khandalo tinkagunda msana wa Goliati, ndipo iye, katswiri wa zitunda, anapalasa pang'onopang'ono kuti asafike msanga.