Tchipisi cha Don Chebo Sichivindikiridwa

Kuno ku National City, m'dera la San Diego, ukafuna kumuputa Eusebio Arvizu usavutike n'kumutukwana. Ingotenga chivindikiro, uvindikire tchipisi chake iye akuona. Udzamva zimene sunazimvepo.

Bamboyu, amene tonse timangomuti Don Chebo, wakhala pa chiwaya mu kalesitilanti ka mayi Chayo zaka makumi awiri ndi zinayi. Anachoka kwawo ku Sonora ali ndi tsitsi lodzaza mutu. Pano dazi lafika ku nkhongo. Mikono ndi zipsera za mafuta zokhazokha. Mkazi wake anatisiya kalekale, ana anabalalikira ku Phoenix, ndiye chimene chinamutsalira ndi tchipisi basi.

Komatu tchipisi chake si chamasewera. Mbatata amadula yekha, n'kukazinga kawiri. Tchizi amawaza chikadali chamoto kuti asungunuke yekha, kenako nyama yootcha yoduladula, mapeyala onyenya ndi ndimu, kirimu pangono, tsabola pamwamba. Akakupatsira amaima pomwepo kudikira kuti amve chikulira m'kamwa mwako.

"Tchipisi chimakhala ndi moyo mphindi zisanu ndi ziwiri zokha," amatero. "Ukachivindikira, nthunzi imachipha. Ine sindikazingira maliro."

Ndiye kunabwera Hortensia Bojórquez, dalaivala wa basi yopita kumalire a dziko ku San Ysidro. Ife timati Tencha. Mayi wamfupi, wamawu ngati hutala. Tsiku lililonse 12 koloko isanakwane ankalowa mothamanga, kutenga kabokosi ka tchipisi, kukavindikira thi! n'kukakwera basi yake. Kudya ankakadyera kumalire, patatha mphindi makumi anayi.

Wina aliyense akanatukwanidwa mpaka agogo ake. Koma Tencha akavindikira, Don Chebo ankangoyang'ana kudenga.

"Chebo iwe, lilime lapita kuti lero?" ankamuseka Chayo. "Dzulo unathamangitsa wapolisi chifukwa cha chivindikiro chomwechi."

"Ndisiye, Chayo. Mafuta akupsa."

Zoona zake n'zakuti mkuluyu mtima unali utamuthawa. Kufunsira ndi pakamwa sankatha, mawu ake onse anali m'chiwaya. Ankakhulupirira kuti Tencha akangolawa tchipisi chake chili chamoyo, adzadziwa yekha zakumtima kwake. Koma zaka zitatu zathunthu mayiyo ankadya mitembo yokhayokha, ndipo zinkamuwawa Don Chebo koopsa.

Anayesa nzeru zonse, mwamuna wa anthu. Anaboola timabowo pa chivindikiro ndi foloko kuti nthunzi izituluka. Mawa lake Tencha anabwera atakwinya nkhope: "Mabokosi anuwa akudyedwa ndi makoswe kapena?" Anayesa kuika nyama ndi tchizi m'kachitini kapadera. "Don Chebo, ine ndimagula chakudya, osati ntchito. Sakanizani!" Tsiku lina anabisa zivindikiro zonse kuseri kwa firiji, koma mayiyo anangovula chipewa chake cha yunifolomu n'kuphimbira.

Chayo ndiye anatopa nazo. Lachisanu lina anamukodola Tencha: "Mayi, Lamlungu simugwira ntchito, eti? Bwerani mudzadye mutakhala pansi, munthuyu asanatifere pa chiwaya."

Lamlungu Don Chebo anafika atavala malaya oyera, ndevu atapesa, mafuta m'chiwaya atathira atsopano. Mbatata anasankha imodzimodzi. Tencha atakhala pa tebulo la pawindo, atavala diresi la maluwa moti tinachita kumuyang'ana kawiri, mkuluyu anabweretsa mbale yekha. Tchizi anali akuyenderera, nthunzi ili tolo. Kunena zoona, tchipisi chokongola chotero sindinachionepo.

Tencha anatola chimodzi n'kuluma. Chinalira mpaka tonse tinamva. Anatafuna pang'onopang'ono, dzanja lili pa tsaya, kenako anaika foloko pansi.

"Don Chebo, kodi ndinakulakwirani chiyani?"

"Bwanji mayi?"

"Ichi si tchipisi changa. Izi ndi nkhuni! Mano angawa ndi ogula, bambo, mukufuna ndiwasiye m'mbale muno? Changa chija chimafewa bwinobwino, msuzi wa nyama n'kulowerera mpaka pansi, tchizi n'kugwirana nacho. Ndikafika kumalire ndimachita kunyambita kabokosi. Mukuganiza zaka zitatu zonsezi ndimadutsa malesitilanti asanu kubwera kuno chifukwa chiyani? Palibe tchipisi chimene chimafewa mokoma ngati chanu mu San Diego yense."

Don Chebo anayang'ana mbale ija. Zaka makumi awiri ndi zinayi akumenyana ndi nthunzi, lero akumuyamikira chifukwa cha mitembo! Chayo anabisa nkhope mu epuloni, mapewa akugwedezeka. Ine ndinamumvera chisoni mkuluyo, chifukwa nkhope yake inagwa ngati ya munthu amene wauzidwa uthenga wa maliro.

Anatembenuka n'kulowa kukhitchini. Tinati basi, zathera pompa. Tencha naye anayamba kufunafuna chikwama chake, manyazi atamugwira.

Tinangomva firiji ikukokedwa. Posakhalitsa mkulu uja anatulukira atanyamula kabokosi ndi chivindikiro chake. Anakhuthuliramo tchipisi chija mosamala, anapuma mozama, n'kuvindikira ndi dzanja lake lomwe. Thi!

"Ndiye chimapsa nthawi yaitali bwanji, chanucho?" anafunsa.

"Mphindi makumi anayi."

"Nanga mphindi zonsezo tizitani?"

Tencha anakankha mpando ndi phazi.

"Khalani pansi, Don Chebo. Zaka zitatu mwakhala mukundiboolera mabokosi. Lero nenani ndi pakamwa."